Kaseti ya Apongozi Anga

Apongozi anga aamuna anabwera kudzakhala nafe ku Ulongwe chaka chomwe maso awo onse awiri anachita ng'ala. Kwawo ndi ku Chiuta, kupitirira Nselema, kumene makolo awo anafikira pochokera ku Mozambiki. Apongozi aakazi anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. A chipatala ku Zomba anati tidikire miyezi itatu asanapale diso loyamba, ndiye amuna anga anati ndi bwino bambo awo adikirire kwathu, pafupi ndi msewu wa phula. Anafika ndi chikwama cha zovala, thumba la nsomba za makumba zowamba, ndi wailesi ya kaseti yokulunga m'chitenje cha malemu akazi awo.

Ine ndi iwo sitinkadziwana kwenikweni. Ndinali nditatha zaka khumi ndi zinayi m'banjamo, koma mawu omwe tinalankhulanapo sakanadzaza tsamba limodzi la kope. Kwawo chipongozi n'cholimba. Ndikamawapatsa moni ndinkagwada chapatali, iwo n'kuyankha atayang'ana kumbali. Akafuna chinthu ankauza mwana wawo, mwana wawoyo n'kuuza ine, ngakhale ndili pomwepo. Ine ndinakulira ku Balaka, kumene bambo anga ankasewera bawo ndi akamwini awo mpaka kukangana, choncho zimenezi zinkandivuta. Koma ndinkazitsata.

Ntchito yanga ndi yauphunzitsi, sitandade sikisi. Kutchalitchi ndine woimba kiyibodi mu kwaya. Do re mi ndinaphunzira kwa asisitere ndili mtsikana, ndipo ndivomere kuti pa nkhani ya nyimbo ndinkadzimva ndithu. Kiyibodi ya kwayayo inkakhala kwathu chifukwa ndife tinali ndi sola.

Apongozi anafika sukulu itangotsekera, ndiye m'mawa uliwonse ndinkakhala pakhomo. Akamwa tiyi ankakhala pakhonde, kuika wailesi pamwendo, kufufuza batani ndi chala n'kudina. Nyimbo yake inali imodzi yokha. Ikatha ankabweza kaseti, kuimveranso kachiwiri, basi n'kukulunga wailesi mpaka mawa.

Masiku oyamba sindinaikonde. Inkayamba ndi phokoso la waaa, ngati mvula ikubwera patali pa malata. M'kati mwa mvulayo munkatuluka piyano yoyenda mwaulesi, kenaka mawu a mzimayi, aakulu, okhuthala, osafulumira. Akamaliza mzere, lipenga linkamuyankha. Chingerezi chake, ine mphunzitsi wa Chingerezi, ndinkangotolapo liwu limodzi apa, lina apo. Ndinkachapa kuseri kwa nyumba n'kumadzifunsa kuti munthu angayambe bwanji tsiku ndi nyimbo yokokeka chonchi, ya maliro osati maliro.

Tsiku lina ndinafunsa amuna anga, tili tonse pakhonde, kuti nyimboyi ndi yamtundu wanji. Iwo anafunsa bambo awo, bambo awo anayankha, yankho linabwera kwa ine.

"Akuti ndi buluzi."

"Buluzi wa pakhomayu?" ndinatero.

Apongozi anaseka mpaka kutsokomola. Aka kanali koyamba kuti aseke chifukwa cha mawu anga. Anafotokozera mwana wawo kuti ndi nyimbo za anthu akuda a ku Amereka, zakalekale, zojambulidwa iwo asanabadwe. Dzina la mayi woimbayo sankalidziwa, ndipo pa kasetipo panalibe cholembedwa chilichonse.

Patapita sabata ziwiri wailesi inatafuna kaseti. Ndinamva mawu a mayi uja akupotoka, kenaka zii. Nditafika pakhonde ndinapeza apongozi atatsegula kachitseko, lamba wa kaseti ali wirawira m'zala zawo, ataduka. Tsiku limenelo ndi lotsatira lake anakhala pampando manja ali pamaondo, nkhope ataloza kumsewu kumene sankaona kalikonse. Chakudya ankangolawa.

Tsiku lachitatu ndinatenga kasetiyo pawindo. Ndinadula pomwe panakwinyika kwambiri, kulumikiza nsonga ziwirizo ndi kadontho ka kyutekisi, n'kupota ndi bolopeni monga tinkachitira tili ku sekondale. Itauma ndinaiika m'wailesi n'kuisiya pafupi ndi phazi lawo. Nyimbo inalira. Panangosowa kachidutswa ka lipenga pakati. Ndinabwerera kukhitchini.

Madzulo ake amuna anga anabwera ndi uthenga. "Bambo akuti kasetiyi yakalamba ngati iwo, ikadzadukanso mwina sidzalumikizika. Akufunsa ngati limba lanulo lingaigwire nyimboyi kuti ikhale penapake."

Ndinavomera msanga. Nyimbo za kwaya ndinkazigwira nditangozimva kawiri. Ndinaganiza kuti ndi ntchito ya m'mawa umodzi.

Chomwe tonse sitinaganizire n'chakuti amuna anga, omwe ndi alangizi a zaumoyo, amachoka ndi njinga m'mamawa kupita m'midzi. Wotilumikiza panalibe. Lolemba ndinatulutsa kiyibodi, kuiika pa tebulo pakhonde, ine kumapeto kuno, apongozi kumapeto uko. Tinamvera kaseti. Kenaka ndinayatsa ng'oma za m'kiyibodi, zomwe timaimbira kutchalitchi, n'kuyamba kutsatira chuni.

Sindinafike patali.

"Iyayi," anatero apongozi, akulankhula ngati akuuza mtengo wa mango. Kenaka anatembenukira komwe kunali ine. "Mukuthamangira kuti, mayi?"

Ndinachepetsa liwiro. Anati iyayi. Ndinachepetsanso mpaka ng'omazo zinkamveka ngati munthu wodwala akukhoma msomali. Anapukusabe mutu.

"Kuchedwa kwake mwakupeza, koma kuyenda kwake ayi. Ng'oma zanuzo zikuguba ngati asilikali. Zizimitseni."

Ndinazimitsa. Iwo anatambasula manja onse awiri mbali imodzi, ngati agwira nkhafi.

"Munakwerapo bwato lodzaza?"

"Iyayi, bambo."

"Likadzaza ndi matumba a mpunga, simupalasa ngati mukuthawa mvuu. Mumaviika nkhafi, kukoka, n'kulisiya liyende lokha pang'ono. Kenaka kukankha kakang'ono, n'kuviikanso. Taonani."

Anapalasa m'mwamba momwemo, mapewa akutsika ndi kukwera, ndipo ndinaona ndi maso chomwe makutu anga anaphonya. Kugunda kulikonse kwa nyimboyo kunali ndi mbali ziwiri zosalingana, yaitali ndi yaifupi, yaitali ndi yaifupi. Ndipo mayi woimbayo sankafika pa nthawi yake. Ankabwera m'mbuyo pang'ono mwa piyano, ngati mlendo wodziwa kuti amudikira. Ndinayesa ndi dzanja lamanzere lokha, ndikuyang'ana mapewa a apongozi anga, chinthu chomwe ndinali ndisanachitepo. Titabwereza kangapo anati, "Ehe. Tsopano bwato lachoka padooko."

Tsiku lomwelo ndinawerenga kamangidwe kake n'kulemba m'kope. Ndime iliyonse inali ndi mizere itatu. Mayiyo ankanena mzere woyamba, kuubwereza ngati sitinamve, ndiye wachitatu n'kumasula zomwe amatanthauza. Mzere uliwonse unkatenga magulu anayi a kugunda kunayi, koma iye ankaimba theka lokha, theka linalo n'kusiyira lipenga. Kiyi yake ndinaipeza mosavuta: inali F. Ndinalemba chilembocho pamwamba pa tsamba n'kuchizunguliza.

Lachinayi titayatsa kaseti kuti ndiimbe nayo limodzi, zinthu zinasemphana. Ine ndili pa F, mayi uja ali pansi panga. Ndinafufuza n'kumupeza pafupi ndi E. Ndinada nkhawa kuti makutu anga ayamba kuwonongeka. Amuna anga atabwera masana ndinawauza, iwo anangotsegula kumbuyo kwa wailesi.

"Mabatire atha. Kaseti ikamayenda pang'onopang'ono mawu amatsika."

Anakagula atsopano pamsika. Titaika, nyimbo inabwerera pa F, yopepukirako, piyano ikumveka yowala. Ine ndinasangalala. Apongozi anakwinya nkhope.

"Mwamubweza ku utsikana mayiyu," anatero. "M'mawa muja anali munthu wamkulu."

M'mawa wotsatira anandiuza za komwe nyimboyo inachokera, ine osafunsa. Ali mnyamata anapita ku Halale, kumene anagwira ntchito yophika kwa mzungu wina wokalamba, wokhala yekha. Mzunguyo anali ndi galamafoni yopukusa ndi dzanja ndi mbale zake za nyimbo zambirimbiri, zolemera, zosachedwa kusweka. Lamlungu masana ankakhala pampando, apongozi n'kumapukusa ndi kusintha singano.

"Zambiri zinali za azungu anzake, za mavayolini. Ine ndinkangopukusa, mtima uli ku Chiuta. Koma tsiku lomwe anatulutsa iyi ndinaiwala kuti ndili pantchito. Ndinaima chilili, chopukusira chili m'manja, mpaka sipuling'i inafooka, mayiyu n'kuyamba kutsika, kutsika. Bwana anakuwa kuti pukusa! Koma ine pamenepo m'pamene ndinamumva bwino. Kuyambira tsikulo, ikafika mbale iyi ndinkapukusa mosakwanitsa dala."

Pobwerera kumudzi, mwana wa mzunguyo anawajambulira nyimboyo pa kaseti. Kasetiyo itayamba kutha anakaijambulitsa pa ina ku Nselema, inayo itatha anajambulitsanso. Yomwe ndinamata ndi kyutekisi inali mdzukulu wa yoyamba ija. Ndinazindikira kuti ngakhale F yangayo sindikanalumbirira kuti ndi momwe mayiyo anaimbira tsiku lojambula. Nyimbo yadutsa m'makina ambiri chonchi, aliwonse ndi liwiro lake.

"Ndiye tiimbe pati, bambo?"

"Pamene mayiyu anali dzulo m'mawa."

Tinakhazikika pa E. Kwa ine zinali zowawa, chifukwa E ili ndi mabatani akuda ambiri ndipo kutchalitchi ndinkaizemba. Zala zinkapunthwa. Apongozi sankadandaula ndi kupunthwako. Ankati munthu wophunzira njira amapunthwa.

Vuto lenileni linabwera sabata yachiwiri. Mu mzere uliwonse munali liwu limodzi lomwe mayiyo ankakhalapo nthawi yaitali, lachitatu kuchokera pa do. Ndinadina mi, batani lakuda. Apongozi anati iyayi, lawala kwambiri, ngati nyimbo ya ukwati. Ndinatsika n'kudina ma, loyera loyandikana nalo. Anati iyayi, tsopano mwaika maliro. Pakati pa mabatani awiriwo palibe lina. Ndinawafotokozera zimenezo mwaulemu, monga ndimafotokozera ana m'kalasi.

"Ndiye kuti limba lanulo lili ndi mano ochepa," anatero.

Tinalimbana nalo masiku atatu. Ndinayesa kudina mabatani onse awiri pamodzi, chifukwa ndinamva woimba piyano wa mu kasetimo akuchita choncho mwa apo ndi apo. Apongozi anati ndayandikira koma ndaima pachipata. Kumanzere kwa kiyibodi kuli kagudumu kokhotetsa mawu komwe ndinali ndisanakagwirepo. Ndinasankha mawu a lipenga n'kukapotoza. Anaseka mpaka misozi, akuti mbuzi yakodwa m'chingwe. Ine sindinaseke. Ndinali nditatopa, ndipo mumtima ndinkati mwina mayi wa ku Amerekayo ankangophonya, monga amaphonyera amayi ena a alito mu kwaya yathu, omwe ndimawaimitsa n'kuwabwereza.

Ndinalankhula zimenezo mokweza. "Bambo, mwina anangophonya."

"Kuphonya malo amodzimodzi ndime zonse zinayi?"

Iwo anakhosomola, kuweramitsa mutu, n'kuliimba liwulo okha. Mawu awo anali okalamba, onjenjemera, koma ndinamva bwinobwino chomwe ankachita. Ankayambira pa ma, kukwera pang'onopang'ono ngati munthu akudzuka pamphasa, n'kuima asanafike pa mi. Pamenepo ankakhala, osagwedezeka.

"Mayi anga ankaimba choncho akamapeta mpunga," anatero. "M'Chilomwe. Mawu ake ndinaiwala, koma malo awa sindinaiwale. Nditawamva m'nyumba ya mzungu uja ndinati, kodi mayi uyu wa kutsidya kwa nyanja wawadziwa bwanji malo a mayi anga?" Analoza komwe kunali kiyibodi. "Limba silingathe. Tayesani ndi pakamwa."

Ndinachita manyazi kwambiri. Kuimba pamaso pa mpingo wonse sikundivuta, koma kutsegula pakamwa pamaso pa apongozi aamuna, awiriwiri pakhonde, dzuwa likuswa mtengo, kunandikulira. Ndinayang'ana kumsewu ngati kukubwera munthu. Kunkangodutsa a kabaza atanyamula matumba a chimanga. Ndinakumbukiranso kuti iwo sakundiona. Ndinaika dzanja lamanzere pa kiyibodi, yaitali ndi yaifupi, n'kuyamba kung'ung'udza.

Ulendo woyamba khosi langa linathawira pa mi lokha, monga linaphunzitsidwira kwa zaka makumi atatu. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu ndinaligwira lisanafike. Ndinamva kachinthu kachilendo pachifuwa, ngati pamene wasenza ndowa yodzaza n'kupeza poikhazika bwino pamutu. Liwulo silinali lachisoni ndipo silinali lachimwemwe. Linali la munthu amene zamuchitikira koma wadya, wasamba, wakhala pansi n'kumazifotokoza.

Nditamaliza mzere, m'malo mosiya mpata wopanda kanthu, ndinamva lipenga. Apongozi anali atafumbata dzanja pakamwa akuliza ndi milomo, kutsanzira la mu kaseti, ngakhale kachidutswa kaja komwe ndinadula. Tinapitiriza. Ine mzere, iwo yankho, mpaka ndime zonse zinayi. Titamaliza tinapeza amuna anga ataima pafupi ndi mpanda, atagwira njinga, chipewa chili m'manja.

"Kodi pakhomo pano pasanduka holo?" anafunsa.

"Khala pansi, iwe," anatero bambo awo. "Ukusokoneza anthu ali pantchito."

Masiku otsala a holide tinkaimba m'mawa uliwonse, kaseti n'kumapuma. Ndinayesetsanso kumvetsa mawu a Chingerezi aja, khutu nditaligunditsa pa wailesi. Ndinatolapo zoti mayiyo wadzuka m'mawa, mwamuna wake wapita, ndipo pali sitima ya pamtunda yomwe yamutenga. Nditawauza apongozi anadabwa. Zaka zonsezi iwo ankaganiza kuti ndi mzimayi amene wamaliza kulima munda waukulu, wakhala pamthunzi akuuyang'ana.

"Ndiye kuti mwamunayo anathawa?"

"Zikuoneka choncho, bambo."

"Wataya ndi iyeyo. Mayiyu sakumveka ngati munthu woti agona ndi njala."

Mawu enawo ndinalephera kuwamva, ndipo sindinafune kupeka. Ndinkangong'ung'udza. M'kope langa ndinalemba do re mi wa nyimbo yonse, koma pa liwu lija ndinajambula kamzere kokhota, chifukwa chilembo chake sindikuchidziwa. Mnzanga wina wophunzitsa naye anandiuza kuti pa foni pali njira yofufuzira dzina la nyimbo poiseweretsa. Tinayesa kawiri, foni sinazindikire kanthu, mwina chifukwa cha mvula ija ya m'kaseti. Apongozi atamva anati zili bwino, munthu amene wakhala naye zaka zonsezi safunika chiphaso.

Ku kwaya sindinasinthe zambiri. Nyimbo za Misa zili ndi malamulo ake ndipo ndimawatsata. Koma pali mayi wina wachikulire wa alito, wogulitsa tomato pa siteji ya minibasi, amene ndinkalimbana naye chaka ndi chaka chifukwa chokoka mawu pa nyimbo za nyengo ya Lenti. Nditamumvetsera bwino ndinapeza kuti nthawi zina amaphonyadi, koma nthawi zina amachita dala. Ndinasiya kumuimitsa pa zadalazo.

Diso loyamba anapala mu Okutobala. Amuna anga ndiwo anapita nawo ku Zomba, ine ndinatsala chifukwa sukulu inali itatsegulira. Atabwerako, nsalu itachotsedwa, apongozi anayenda pakhomo ponse akuyang'ana chilichonse: nkhokwe, mbuzi, mapapaya, zithunzi za pakhoma. Anandiyang'ana ine kamphindi kochepa n'kunena kuti ndanenepa kuyerekeza ndi tsiku la ukwati. Kenaka anafika pa tebulo pomwe panali kiyibodi. Anaizungulira, kuinyamula ndi dzanja limodzi, kuiyang'ana pansi pake.

"Kanthu kake n'kameneka? Ine ndimayesa chilimba chachikulu ngati kabati!"

Diso lachiwiri anapala patapita milungu ingapo, ndipo mitambo itayamba kusonkhana anati akufuna kwawo, munda wa mpunga sungadikire. Tinawapempha kuti akhale mpaka Khirisimasi koma anakana. Loweruka lina tinawaperekeza tonse awiri. Tinakwera minibasi pa Ulongwe kukatsika pa Liwonde, n'kukwera ina ya ku Nselema. Anapempha mpando wa pawindo. Kuyambira pa mlatho wa Shire mpaka tinafika, anawerenga mokweza chikwangwani chilichonse cha m'mbali mwa msewu: magolosale, zigayo, matchalitchi, mizikiti, malo ometera, ngakhale manambala a pa magalimoto otipitirira. Anthu m'minibasimo anayamba kuseka, kenaka anayamba kuwathandiza, kuwalozera zikwangwani zomwe aziphonya. Mayi wina wa Chiyao amene anakhala kumbuyo kwathu anawapatsa nthochi ziwiri, akuti za sukulu.

Pa Nselema tinapeza mphwawo wa apongozi akutidikira ndi njinga zamoto ziwiri. Apongozi anakwera, chikwama pamwendo, n'kuuza woyendetsa kuti asathamange chifukwa akufuna kuona minda ya anthu.